Kodi mkristu angakumbe muzu? Mfundo zoyesera maciritso a m'cilengedwe

M'nyumba zambiri za m'parokia yathu muli mankhwala a mitundu iwiri. Pa zenera kapena m'kathumba kopacika pa msomali mumakhala mapiritsi ocokera ku cipatala. Kuseri kwa mtsuko, kumene diso la mlendo silifika, kumakhala kamtolo ka mizu kapena botolo la madzi ofiirira onyikamo makungwa. Mapiritsi timawaonetsa poyera, koma mizu timaibisa, makamaka tsiku limene a mphakati abwera kudzapempherera wodwala. Kubisa kumeneku kukuonetsa kuti mumtima mwathu muli funso limene sitinaliyankhe: kodi mkristu angafunefune maciritso m'mitengo, m'madzi ndi m'mapiri popanda kuphwanya malonjezo a ubatizo wake?

Abale anga, yankho langa ndi lakuti angathe. Koma ndiwonjezere msanga kuti si aliyense wonyamula thumba la mizu amene ali mciritsi, ndiponso si aliyense wokwera phiri ndi Baibulo m'khwapa amene akutsogolera anthu kwa Mulungu. Pakati pathu pali zolakwa ziwiri zimene zimaoneka ngati zodana, koma zimadyera mbale imodzi. Ena amanena kuti muzu uliwonse ndi wa Satana, kenaka mwana akatentha thupi usiku amazembera kwa woombeza, popeza palibe amene anawaphunzitsa kusiyanitsa. Ena amalandira ciliconse cimene cachedwa cacilengedwe kapena ca makolo, ngati kuti dzina lokhalo lingayeretse cinthu. Onsewa asowa muyeso. Ndifuna kupereka muyeso umene mayi kapena bambo angaugwiritse nchito pakhomo pake usiku, pamene wansembe ali kutali ndipo katekista wagona.

Eklezia ndi mankhwala a m'nthaka

Tiyambe tacotsa mantha opanda pake. Malembo Oyera sadana ndi mankhwala. Buku la Mphunzitsi, limene ena amalidziwa ndi dzina la Ben Sira, pa mutu 38 limaphunzitsa kuti mankhwala a m'nthaka anawalenga ndi Mulungu, ndi kuti wociritsa odwala ayenera kulemekezedwa. Mfumu Hezekiya atadwala cithupsa, mneneri Yesaya analamula kuti amumatepo nkhuyu (2 Mafumu 20). Msamariya wacifundo uja anathira mafuta ndi vinyo pa mabala a munthu wovulazidwa ndi acifwamba. Taonaninso masakramenti athu: madzi a ubatizo, tirigu ndi mphesa za pa guwa, mafuta a zomera amene Ambuye Episkopi amadalitsa pa Misa ya Krisma. Cikhulupiriro cimene cimalandira caulere ca Mulungu kudzera m'zipatso za nthaka sicingaope tsamba la canzi.

Mbiri ya Eklezia ikunena zomwezo. Hildegard wa ku Bingen, sisitere wa cipani ca Benedikto Woyera amene anabadwa mu 1098 ndi kumwalira mu 1179, analemba mabuku ofotokoza zomera ndi nchito yake pa matenda, ndipo mu 2012 Papa Bento XVI anamuika m'gulu la aphunzitsi aakulu a Eklezia. M'zaka za m'ma 1600, ansembe a cipani ca Yezu, comwe cija cinagwira nchito ku Boroma ndi ku Lifidzi, anathandiza kufalitsa ku Ulaya khungwa la mtengo wa cinchona wa ku Peru lociza malungo, ndipo mu 1820 akatswiri awiri a ku France anatulutsamo kwinini. Ngakhale Coartem amene timalandira lero ali ndi mankhwala amene gwero lake ndi citsamba ca ku China, Artemisia annua. Mayi Tu Youyou, amene anatsogolera nchito yopeza mphamvu ya citsambaco, analandira mphotho ya Nobel mu 2015.

Conco mapiritsi a pa zenera ndi mizu ya kuseri kwa mtsuko ndi pacibale. Funso lenileni lili pa munthu wociritsayo, pa njira yake, ndi pa zipatso zimene nchito yake imasiya m'banja.

Muyeso woyamba: mphamvu tikuiika mwa yani?

M'cipululu Mose anapanga njoka yamkuwa molamulidwa ndi Mulungu, ndipo olumidwa ankacira poiyang'ana (Numeri 21). Patapita zaka mazana ambiri, mfumu Hezekiya anaiphwanya njoka yomweyo, cifukwa anthu anali atayamba kuifukizira lubani (2 Mafumu 18). Mkuwa unali womwewo. Cimene cinasintha ndi mtima wa anthu, amene anaiwala Wopereka n'kugwadira mphatso. Ngozi imeneyi ilipo pa mtengo uliwonse, pa dziwe lililonse ndi pa phiri lililonse limene timati lili ndi mphamvu.

Katekisimu wa Eklezia Katolika, pa nambala 2116 ndi 2117, amakana kuombeza kwa mtundu uliwonse, kuitana mizimu ya akufa kuti iulule zobisika, kuvala zithumwa, ndi matsenga ofuna kulamulira mphamvu zamdima ngakhale colinga cake cikhale kuciritsa. Mankhwala a makolo sawaletsa. Amangocenjeza kuti mankhwalawo asakhale khomo loitanira mphamvu zoipa kapena lodyera anthu osavuta kukhulupirira.

Pakhomo tingazindikire bwanji? Tichere khutu ku zimene wociritsayo akufunsa. Ngati afunsa pamene pakupweteka, masiku amene matenda atha, ngati mwana akuyamwa, kenaka n'kunena kuti wiritsani masamba awa, mumwe moculuka conci, ameneyo akugwira nchito ndi nzeru ya zomera. Koma ngati ayamba ndi ula kapena kalilole, nanena kuti muzu sugwira nchito popanda cizimba, kuti mukakwirire kanthu pa mphambano pakati pa usiku, kuti muvule korona ndipo musauze munthu aliyense, dziwani kuti mwalowa m'nyumba ina.

Wina anganditsutse kuti kwa makolo athu muzu ndi mzimu sizinkalekana, ndipo asing'anga ambiri amati mankhwala awo anawalota, anaonetsedwa ndi agogo awo. Zimenezo n'zoona kwa ambiri. Komabe khungwa la muwawani limawawa cimodzimodzi mkamwa mwa amene wathira nsembe ndi mwa amene sanathire. Mphamvu imene lili nayo inaikidwamo pa cilengedwe. Ndiponso m'midzi mwathu munali kale agogo aakazi odziwa tsamba la cifuwa ndi la m'mimba, amene sanagwirepo ula moyo wawo wonse. Kusiyanitsa kumeneku sikunabwere ndi amisiyonari okha. Makolo athu timawalemekeza, timasunga nzeru zawo, timawapempherera pa 2 Novembro, koma mwini moyo ndi mmodzi.

Muyeso waciwiri: coonadi

Wociritsa woona amadziwa pamene nzeru zake zathera, ndipo sacita manyazi kunena. Pali matenda amene tsamba limathandiza: cimfine cimene cimapepuka pofukiza bulugamu, cilonda cacing'ono, kusowa cilakolako ca cakudya, thupi lofooka limene ndiwo za cammwamba zingalilimbitse. Palinso matenda amene sadikira. Malungo akalowa m'mutu mwa mwana angathe kumupha pa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo kugwedezeka ndi kukomoka kumene ambiri amati ndi mizimu nthawi zambiri kumakhala malungo omwewo. Kadontho ka magazi pa cala, kwa APE wa m'mudzi kapena ku cipatala, kamapereka yankho pa mphindi zosapitirira 20, ndipo Coartem amamwedwa masiku 3. Cifuwa cacikulu cimafuna mapiritsi miyezi 6 osadumphitsa. Amene ali pa TARV akasiya mankhwala, kacirombo kamaculuka m'magazi ngakhale thupi likuoneka bwino. Aliyense wouza munthu wotere kuti taya mapiritsi, wacira, wanena bodza limene mathero ake ndi maliro, kaya walinena atagwira nsupa, kaya atagwira mtanda.

Coonadi cimakhudzanso mlingo. Mphamvu ya muzu imasintha malinga ndi nyengo, dothi ndi msinkhu wa mtengo, pamene impso ndi ciwindi ca khanda n'zazing'ono. N'cifukwa cake mu 2019 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse linanena kuti silivomereza tiyi wa masamba a Artemisia ngati mankhwala a malungo: mlingo wake sudziwika, ndipo mlingo wocepa umaphunzitsa tizirombo kupirira mankhwala. Anamwino amacenjezanso za mankhwala ofulumizitsa kubereka monga mwanamphepo, amene angalimbitse zowawa kupyola muyeso mpaka ciberekero kung'ambika. Lumo limodzi lotemera mphini anthu angapo limanyamula matenda a m'magazi kucoka kwa wina kupita kwa wina.

Ndikudziwa cimene ambiri ayankhe: cipatala cili kutali, nthawi ya dzinja mitsinje imadzaza, ndipo nthawi zina munthu amafika n'kupeza mankhwala atha, kapena amalandiridwa ndi mawu okalipa, pamene sing'anga amakukhazika pa mphasa n'kukumvetsera. Dandaulo limeneli n'lomveka, ndipo ogwira nchito za umoyo, ambiri mwa iwo akristu anzathu, ayenera kulimva. Koma yankho lake ndi kukonzekera pamodzi: njinga ya mphakati yonyamulira odwala, kathumba ka ndalama za ulendo, mayi woyembekezera kupita msanga ku nyumba yodikirira ya pafupi ndi cipatala. Nkhanga zinapangana kusanace.

Dziko lathu linaphunzira kale phunziro pa nkhani imeneyi. Titalandira ufulu mu 1975, boma linkachula nchito ya asing'anga kuti obscurantismo, zamdima zobwezera anthu m'mbuyo. Nchitoyo sinathe, inangolowa m'malo obisika. Pambuyo pake bungwe la asing'anga la AMETRAMO linavomerezedwa, ndipo unduna wa za umoyo unayamba kuphunzitsa asing'anga kuti azitumiza ku cipatala odwala amene ali ndi zizindikiro za cifuwa cacikulu kapena za Edzi. Cobisika sicingakonzedwe. N'cimodzimodzi pakhomo: namwino akafunsa ngati wodwala wamwa kanthu, nenani zoona, pakuti mizu ina imalimbana ndi mapiritsi m'thupi.

Muyeso wacitatu: maciritso asabale mdani

Ophunzira a Yezu ataona munthu wobadwa wosaona, anafuna kudziwa wolakwa, ngati ndi iye mwini kapena makolo ake (Yohane 9). Ambuye anakana kuloza cala munthu aliyense. Anatenga dothi, nakanda thope ndi malovu, napaka m'maso mwake, namutuma kukasamba ku dziwe la Siloamu. Onani kuti anagwiritsa nchito dothi ndi madzi, zinthu za cilengedwe, koma palibe amene anacoka pamalopo atasenzetsedwa mlandu.

Apa ndi pamene pagona ngozi yaikulu ya kuombeza. Banja limapita ndi wodwala mmodzi, limabwerera ndi wodwala ndi mfiti. Kawirikawiri wolozedwayo amakhala wopanda womuteteza: gogo wamasiye, mayi wosabereka, mkamwini wa kutali, ngakhale mwana. Kale ankamwetsedwa mwavi, khungwa lapoizoni limene linapha anthu osalakwa osawerengeka. Lero amathamangitsidwa m'mudzi, amawotcheredwa nyumba, kapena amangosiyidwa opanda wowapatsa madzi. Papa Bento XVI, m'kalata yake yopita kwa Eklezia ya mu Africa ya mu 2011, Africae Munus, anachula ufiti ndi mantha ake ngati vuto limene abusa ayenera kulisamalira mozama.

Kumene njira imeneyi imafika tinakuona ndi maso athu. Ca m'ma 2015, ku Nampula, ku Zambézia, ku Niassa, ku Tete kuno ndi kutsidya ku Malawi, abale athu acialubino anasakidwa ndi kuphedwa cifukwa ca bodza lakuti mafupa awo amalemeretsa. Mu 2017 ku Milange anaphedwa amuna a dazi pa cikhulupiriro cakuti m'mitu mwawo muli golide. Ualubino ndi cibadwa cocokera kwa bambo ndi mayi, khungu losowa utoto woteteza ku dzuwa, ndipo cimene mwana wotere amafuna ndi cipewa, zovala zofunda mikono ndi mpando wa kutsogolo m'kalasi. Mankhwala alionse ofuna ciwalo ca munthu ndi kupha, ndipo wolipira ali ndi mlandu pamodzi ndi wogwira mpeni.

Koma tisanene kuti miyambo yathu inabala zoipa zokha. Nkhondo itatha ndi pangano la mtendere la ku Roma pa 4 Outubro 1992, m'midzi yambiri ya Moçambique asilikali obwerera kwawo ndi ana amene anagwidwa mokakamiza ankasambitsidwa ndi masamba, kawirikawiri kumtsinje, zovala za kunkhondo n'kutenthedwa, asanalowe m'nyumba. Mkristu sangavomereze zonse zimene zinkanenedwa pa miyambo imeneyo, komabe aone colinga cake: kubwezera munthu kwa abale ake ndi kutseka njira ya kubwezerana. Colinga cimeneco cili pafupi ndi ca sakramenti la kulapa. Ndiye muyeso ndi uwu: mwambo ukatha, kodi pabwalo pakhala anthu ambiri odyera pamodzi, kapena wina wacotsedwapo?

Muyeso wacinayi: thumba la wosauka

Namani, mkulu wa asilikali a ku Siriya, anacira khate posamba kasanu ndi kawiri mu Yordani. Atafuna kupereka mphatso, mneneri Elisa anakana. Gehazi, mtumiki wake, anamuthamangira m'mbuyo, nanama, nalandira siliva ndi zovala, ndipo khate lija linagwera iye (2 Mafumu 5). M'buku la Nchito za Atumwi, mutu 8, Simoni wamatsenga anayesa kugula mphatso ya Mzimu Woyera ndi ndalama, ndipo Petro anamudzudzula kolimba.

Sindikunena kuti wodziwa mizu azigwira nchito yaulere. Amayenda mtunda wautali, amakumba padzuwa, anaphunzira zaka zambiri. Nkhuku, ufa kapena meticais ogwirizana poyamba ndi malipiro oyenera. Kudyera anthu kumadziwika ndi zizindikiro zina. Mtengo umakwera pamene mantha akukwera. Ulendo uliwonse pamapezeka cinthu catsopano cofunika kucotsa. Banja limagulitsa feteleza, mbuzi, ng'ombe, potsiriza munda. Mayi wofuna mwana amauzidwa kuti mankhwala salowa popanda kugona ndi mwini mankhwala, cimene ndi cigololo ndi nkhanza, ngakhale cikutidwe ndi dzina lotani. Pa misika timamvanso zimkuzamawu zolengeza botolo limodzi lociza shuga, kuthamanga kwa magazi, kusabereka ndi Edzi. Cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere.

Tisaloze cala kunja kokha. Pali ogulitsa madzi, mafuta ndi mcere m'dzina la Yezu, ndipo akatolika ena amatenga madzi odalitsidwa ngati cithumwa. Madzi amenewo sagulitsidwa, ndipo nchito yake ndi kutikumbutsa ubatizo ndi kudzutsa pemphero. Katekisimu pa nambala 2111 amacenjeza kuti kukhulupirira zamatsenga kungalowe ngakhale m'cipembedzo coona, pamene tiika mphamvu m'cinthu cogwirika osasamala za mtima.

Muyeso wacisanu: mtengo nawo ukhale ndi moyo

Amene amaciritsa ndi cilengedwe sangakhale mdani wa cilengedwe. Khungwa ndi njira imene cakudya copangidwa m'masamba cimatsikira ku mizu. Ukasenda mbali imodzi pang'ono, bala limapola. Ukasenda mozungulira, mizu imafa ndi njala ndipo mtengo wonse umauma. Wokumba mizu yonse ya mtengo umodzi kuti akagulitse pa msika waciza kasitomala wa lero, koma waba mankhwala a adzukulu. Yendani m'mbali mwa misewu yathu muone mitengo ya muwawani ndi ya mlombwa yosendedwa mpaka pamene dzanja lifika.

Asing'anga sindiwo okha owononga. Makala, moto wa m'chire woyatsidwa posaka mbewa, mitengo ya zigafa za fodya, kulima mpaka m'mphepete mwa mtsinje, zonsezi ndi nchito za manja athu. Acikulire a ku Angónia ndi ku Tsangano angakuuzeni kuti muzu umene kale ankaupeza kuseri kwa nyumba lero amaufuna tsiku lathunthu. Phiri likametedwa, madzi a mvula salowa pansi, amathamanga ndi dothi, akasupe n'kuuma m'cilimwe. Namondwe Freddy mu 2023 anasonyeza, kuno ndi ku Malawi, zimene madzi amacita pa mapiri opanda mizu yogwira nthaka.

M'kalata yake ya mu 2015, Laudato Si', Papa Francisco anaphunzitsa kuti kuvutika kwa nthaka ndi kuvutika kwa osauka ndi nkhani imodzi, ndipo anachula dziko lapansi kuti nyumba ya tonse. Ife a kumudzi sitifuna mabuku ambiri kuti timvetse zimenezi. Msangu umagwetsa masamba nthawi ya mvula, n'kusiya dzuwa lifike pa cimanga, masamba ake n'kukhala manyowa. Mlimi amene amausiya m'munda wamvetsa kale phunziro la Genesis 2, lakuti munthu anaikidwa m'munda kuti aulime ndi kuusamala.

Muyeso wacisanu ndi cimodzi: wotsika kuphiri wasintha bwanji?

Sikuti thupi lokha ndi limene limadwala. Pali cisoni ca maliro cimene sicicoka, mkwiyo wa m'banja, ukapolo wa kacasu, ndi kutaya mtima kwa mnyamata amene watha sukulu koma alibe nchito. Ambiri amapita kuphiri kapena kumtsinje kukasala kudya ndi kupemphera, ndipo m'mizinda ndi pa mafoni mwabuka aphunzitsi olonjeza mtendere wa mumtima ndi kutukuka kwa munthu kudzera m'mphamvu za cilengedwe. Ludzu limene limawatuma n'loona. Yezu mwini ankapita kumalo a yekha kukapemphera. Mneneri Eliya, atatopa ndi moyo, anagona pansi pa kamtengo m'cipululu, ndipo Mulungu anayamba wamupatsa tulo, mkate ndi madzi, kenaka anamulankhula pa phiri la Horebu (1 Mafumu 19). Munthu wokhala cete pansi pa mtengo amayamba kumva zimene phokoso linabisa mumtima mwake.

Koma taonani mathero ake. Eliya anatumidwa kubwerera ku nchito imene anaithawa. Pa phiri limene Yezu anasandulika, Petro anafuna kumanga misasa, koma anatsika, ndipo m'munsi anapeza bambo ali ndi mwana wodwala khunyu (Marko 9). Mu 2003 Vatican inatulutsa cikalata counika ziphunzitso zochedwa New Age, ndipo cinacenjeza za uzimu umene umasandutsa Mulungu kukhala mphamvu yopanda nkhope, munthu n'kumadzipulumutsa yekha. Mkristu salankhula ndi mphamvu. Amalankhula ndi Atate amene amamudziwa dzina.

Conco muyeso wake uli pakhomo. Wobwera kucokera kuphiri, kodi waleza mtima kwa mkazi wake? Kodi wabweza ngongole, wapepesa mbale wake, wacepetsa mowa? Kapena wabwera ndi maloto oloza mfiti, wayamba kunyoza Misa ya pa Mulungu, ndi kudziona ngati woposa anzake? Wotsogolera amene amalekanitsa munthu ndi banja lake, amene amalamula mayi woyembekezera kapena wodwala wa pa mapiritsi kusala kudya masiku ambiri, amene safuna kufunsidwa, sakukulitsa munthu aliyense. Kukula kwa mzimu kumafanana ndi kwa mbawa, sikuoneka pa sabata imodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pamene matenda akana kucoka

Patsala muyeso umene umaposa yonse. Pali tsiku limene muzu ulephera, piritsi lilephera, pemphero losala kudya silisintha kanthu. Wociritsa wabodza pa tsiku limenelo amafuna wina womusenzetsa kulephera kwake: amati wodwala alibe cikhulupiriro, kapena waphwanya lamulo la mankhwala, kapena mfiti yakula mphamvu. Eklezia imacita zina. Kalata ya Yakobe, mutu 5, imalangiza kuitana akulu a mpingo kuti apempherere wodwala ndi kumudzoza mafuta. Sakramenti la kudzoza odwala si la amene akutsirizika okha, ndipo tisamaope kuitana wansembe ngati kuti abweretsa imfa. Limapatsa mtendere, mphamvu yopirira ndi cikhululukiro ca macimo, ndipo limaciza thupi ngati Mulungu waona kuti n'koyenera.

Francisco Woyera wa ku Assisi, amene ankaona dzuwa, madzi ndi nthaka ngati abale ake, anapeka nyimbo yake yotamanda Mulungu cifukwa ca zolengedwa ali wodwala kwambiri, maso atatsala pang'ono kufa, ndipo anamwalira mu 1226 osacira. Cikondi cake pa cilengedwe sicinali malonda ofuna phindu la thanzi. Wodwala amene sacira sanalephere, ndipo banja limene lamusambitsa, kumudyetsa ndi kukhala naye mpaka potsiriza lagwira nchito ya maciritso imene Ambuye adzaiwerenga.

Zoti ticite

Ndikupempha mabanja a parokia yathu zinthu zocepa. Tulutsani kamtolo kaja kuseri kwa mtsuko, mukambirane ngati banja: unacokera kwa yani, anati ugwire nchito yanji, anafunsa ciyani pobwezera. Ngati mulibe mdima, palibe cobisira a mphakati kapena namwino. Ngati muli mdima, kubisa sikuucotsa, ndipo khomo la kulapa n'lotsekula. Mwana akatentha thupi, magazi ayezedwe tsiku lomwelo. Munthu akalozedwa kuti ndi mfiti m'mudzi mwanu, mphakati ukhale woyamba kukamuyendera masana, anthu akuona.

Caka ciliconse, kuyambira pa 1 Setembro mpaka pa 4 Outubro, tsiku la Francisco Woyera limenenso ndi tsiku la mtendere m'dziko lathu, akristu amapempherera cilengedwe. Ndi nthawi yabwino yokonza nazale mvula isanagwe. Mphakati uliwonse ungathe kufesa cammwamba, nimu, msangu ndi mbawa, n'kudzazibzala mozungulira chalichi ndi m'mphepete mwa mtsinje. Tiitanenso agogo odziwa zomera kuti ayende ndi ana a katekisimu m'chire, awauze maina a mitengo, wothandiza ndi wakupha, ndi kasendedwe kosaumitsa mtengo. Ana amene aphunzira zimenezi masana, pamaso pa makolo ndi pambuyo pa pemphero, sadzafunika kuzifunafuna usiku.

Mulungu, mwini moyo ndi mwini mitengo, adalitse odwala athu ndi onse owasamalira.